Seva ikukana makompyuta onse a mu ofesi, thandizeni abale

Kondwani, Lolemba 07:52
Mwadzuka bwanji nonse. Ine pano zandivuta. Ndimagwira ntchito pa kaofesi kena ku Jeppestown, ku Joni, komwe timalandira katundu wa anthu wopita kumudzi: mafiriji, masofa, matumba a zovala, zonse zija mukuzidziwa. Tili ndi makompyuta asanu ndi seva imodzi, ka Dell kakale komwe kamakhala kunsi kwa tebulo la bwana. Loweruka ndinaipukuta seva yonse, ndinachotsa Ubuntu 18.04 n'kuikamo 22.04 poti yakale ija inasiya kulandira ma update mu 2023. Database yathu ya MySQL ndinaisunga kaye ndi mysqldump, ndaibwezera, ndipo ndikakhala pa seva penipenipo matebulo onse ndikuwaona bwinobwino. Koma m'mawa uno pulogalamu yolembera malisiti ikukana pa makompyuta onse asanu. Lole inyamuka Lachitatu m'bandakucha, ndipo pakhomo pali kale anthu anayi ndi katundu wawo. Bwana sanandiyankhule chifikireni, akungondiyang'ana.

Yami, 07:55
Kkkk wapukuta seva Loweruka osayesa Lamulungu? Aise iwe ndiwe wolimba mtima.

Chikondi, 07:58
Kondwani, "ikukana" sizikutiuza kanthu. Jambula uthenga womwe ukutuluka pa sikirini, kapena ulembe mmene ulili, osasiya ngakhale nambala yakumapeto.

Kondwani, 08:01
Achemwali ukuti chonchi:
[MySQL][ODBC 5.3(w) Driver]Can't connect to MySQL server on '192.168.1.20' (10060)

A Nkhoma, 08:09
Mphwanga, khala pansi kaye, upume. Nambala ya 10060 ikutanthauza kuti kompyuta yako inagogoda, inadikira, palibe anayankha. Mnzake ndi 10061, iyo ndiye kuti wina wayankha kuti pano palibe munthu, bwererani. Pa Linux ziwirizi zimaoneka ngati 110 ndi 111. Pakadali pano MySQL sinamve n'komwe kuti ukuifuna, ndiye usayambe kusinthasintha mapasiwedi, ungowonjezera mavuto.

Pita pa seva ulembe ip a, utiuze adiresi yomwe ili nayo lero.

Kondwani, 08:13
Iii. Ikuti 192.168.1.104.

A Nkhoma, 08:16
Ndiye makompyuta ako akugogoda panyumba yomwe mwini wake anasamuka. Seva yakale ija wina anaipatsa adiresi yokhazikika ya .20, ndiwe unaifufuta limodzi ndi Ubuntu wakale. Yatsopanoyi ikungolandira adiresi iliyonse yomwe rauta yaiponyera kudzera pa DHCP. Lowa mu /etc/netplan/, mu fayilo ya yaml imene ilimo, uzimitse dhcp4, uike 192.168.1.20/24, gateway ndi DNS, kenako sudo netplan apply. Usamale ndi mipata mu fayilo imeneyo, yaml sifuna tab. Uonenso pa rauta kuti .20 siili m'gulu la maadiresi omwe imagawira mafoni, apo ayi tsiku lina foni ya kasitomala idzalanda adiresi ya seva.

Kondwani, 08:31
Zatheka, tsopano ndi .20 ndipo ping ikuyankha. Rauta imagawa kuyambira 100 kupita m'mwamba ndiye palibe kulimbana. Koma pulogalamu ikadali pa 10060 yomwe ija.

Chikondi, 08:34
Ping ndi port ndi zinthu ziwiri, port ndi khomo lomwe pulogalamu imamvera, la MySQL ndi 3306. Pa Windows tsegula PowerShell ulembe:
Test-NetConnection 192.168.1.20 -Port 3306
Uyang'ane mzere wa TcpTestSucceeded. Kenako pa seva uone ufw, firewall yotchinga makomo a seva: sudo ufw status

Kondwani, 08:38
TcpTestSucceeded : False. Ndipo ufw ikuti active, pali OpenSSH yokha. Ndinaiyatsa ndine Loweruka, ndinaona pa vidiyo ina kuti ndi bwino kutero.

Chikondi, 08:40
Sunalakwe kuiyatsa, unangoiwala kusiyira MySQL khomo. ufw imangotaya mwakachetechete chilichonse chomwe sunachiloleze, n'chifukwa chake ukuona kudikira m'malo mokanidwa.
sudo ufw allow from 192.168.1.0/24 to any port 3306 proto tcp
Usalembe ufw allow 3306 yokha, imeneyo ikutsegulira aliyense.

Yami, 08:41
Kapena sudo ufw disable basi, anthu akudikira panja ndi mafiriji awo.

Chikondi, 08:42
Yami chonde.

Kondwani, 08:45
Nambala yasintha! Tsopano ikuti (10061).

A Nkhoma, 08:52
Ndiye kuti tikuyenda. Firewall yakupatsa njira, wafika pakhomo, koma MySQL siikumvera khomo limenelo. Lemba sudo ss -tlnp | grep 3306. Ndikutsimikiza uona 127.0.0.1:3306. MySQL ya pa Ubuntu imabwera itayikidwa kuti izimvera za m'nyumba mwake mokha. Tsegula /etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf, upeze mzere wa bind-address, usinthe 127.0.0.1 ikhale 192.168.1.20, kenako sudo systemctl restart mysql. Mzere wa mysqlx-bind-address uusiye mmene ulili, umenewo ndi wa port 33060 ndipo pulogalamu yako siiugwiritsa ntchito.

Chikondi, 08:58
A Nkhoma, pamenepo ine ndisiyana nanu pang'ono. Mukaimangirira pa adiresi imodzi, ndiye kuti adiresiyo iyenera kukhalapo nthawi yomwe MySQL ikudzuka. Kuno magetsi akabwera zinthu zonse zimayaka nthawi imodzi, seva imatha kudzuka switch ndi rauta zisanakonzeke. Ndinakumana nazo pa shopu ina ku Fordsburg nthawi ya kuzimazima kwa magetsi kwa stage 6 mu 2023: magetsi akabwera MySQL inkagwa ndi uthenga woti Cannot assign requested address, mpaka munthu aidzutse pamanja. Ndinasintha n'kuika 0.0.0.0 vuto linatheratu. Poti ufw ikutchinga kale, ine sindikuona choopsa.

A Nkhoma, 09:04
Mfundo yanu ndi yoona achemwali, makamaka adiresi ikakhala yochokera ku DHCP. Chomwe chimandiopsa ine n'chakuti mawa munthu ngati Yami adzabwera n'kuzimitsa ufw, ndiye 0.0.0.0 idzakhala pambalambanda. Koma seva iyi ili ndi khadi limodzi la netiweki ndipo ili kuseri kwa rauta, ndiye kusiyana kwake n'kochepa. Kondwani, tsatira za achemwali ako, koma firewall usaigwire.

Yami, 09:05
Dzina langa lalowa bwanji pamenepo akulu kkkk

Kondwani, 09:12
Ndaika 0.0.0.0, ss ikuonetsa 0.0.0.0:3306, TcpTestSucceeded : True. Koma tsopano kwabwera china:
Host '192.168.1.112' is not allowed to connect to this MySQL server
Anthu panja afika asanu ndi awiri. Mayi ena abwera ndi stovu ndi matumba atatu opita ku Mzimba, akuti achoka ku Tembisa 5 koloko ndipo akufuna lisiti lawo azikagwira ntchito. Ndayamba kulemba pamanja m'buku.

A Nkhoma, 09:20
Imeneyo ndi 1130, ndipo ndi MySQL yeniyeni tsopano ikuyankhula nawe. Ndikufunse: mysqldump unalemba bwanji? Unatchula dzina la database imodzi?

Kondwani, 09:21
Eya, mysqldump katundu > katundu.sql

A Nkhoma, 09:33
Ndiye unanyamula katundu n'kusiya anthu. Maakaunti ndi zilolezo zawo sizikhala mu database yako, zimakhala mu database ina yotchedwa mysql, mu tebulo la user ndi anzake. Seva yatsopanoyi ikudziwa root wa localhost ndi timaakaunti take tam'kati basi. Udzionere wekha:
SELECT user, host, plugin FROM mysql.user;

Ndipo umvetse ichi chifukwa chimasokoneza anthu ambiri. Kwa MySQL, munthu si dzina lokha, ndi dzina pamodzi ndi komwe akuchokera. 'malisiti'@'localhost' ndi 'malisiti'@'192.168.1.%' ndi anthu awiri osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake ndi zilolezo zake. Zili ngati pa Beitbridge, sangofunsa kuti ndiwe ndani, amayang'ananso pasipoti kuti ndi ya dziko liti. 1130 ndiye kuti palibe akaunti iliyonse yololedwa kuchokera pa adiresi imeneyo. Ikanakhala 1045, Access denied, bwenzi tikuti adiresi ikudziwika koma dzina kapena pasiwedi sizikugwirizana.

Yami, 09:35
Mzere umodzi wokha man:
GRANT ALL PRIVILEGES ON *.* TO 'root'@'%' IDENTIFIED BY '1234';
FLUSH PRIVILEGES;
Ine ndimatero nthawi zonse, sizinandikanepo.

Kondwani, 09:37
Ndayesa ya Yami, ikuti ERROR 1064, syntax.

Chikondi, 09:41
Mulungu wakukonda kuti yakana. Ubuntu 22.04 imabwera ndi MySQL 8.0, ndipo kuyambira 8.0 GRANT sipanganso akaunti, uyenera kuyamba ndi CREATE USER. Mzere wa Yami unkagwira pa 5.7, yomwe inali pa seva yako yakale. Ukanagwira, ndiye kuti aliyense wolowa pa WiFi yanu akanatha kufufuta database yonse ndi pasiwedi ya 1234.

A Nkhoma, 09:50
Yami, ine ndikuuza ngati mkulu wako, chizolowezi chimenecho usiye. Root ndi wa pa seva pokha, ndipo pa Ubuntu amalowa ndi sudo mysql kudzera pa auth_socket, safuna n'komwe pasiwedi. Msiyeni choncho.

Kondwani, uone dzina lomwe pulogalamu ikugwiritsa ntchito mu DSN, pomwe Windows imasunga adiresi ya seva ndi dzina lolowera, upange lomwelo:
CREATE USER 'malisiti'@'192.168.1.%' IDENTIFIED BY 'pasiwedi yaitali';
GRANT SELECT, INSERT, UPDATE ON katundu.* TO 'malisiti'@'192.168.1.%';
FLUSH PRIVILEGES siifunika ukagwiritsa ntchito CREATE USER ndi GRANT, imafunika ukakalemba m'matebulo a mysql ndi dzanja.

Waona kuti DELETE sindinaike? Ndachita dala. Zaka zapitazo ndinkathandiza ofesi ina yonga yanuyo. Mnyamata wa pa kauntala ankalandira ndalama, kulemba lisiti, kasitomala akatuluka n'kulifufuta, ndalama m'thumba. Katunduyo ankamukweza pa lole mogwirizana ndi wokweza. Zinaululika tsiku lomwe TV ya munthu inasowa m'njira cha ku Tete, mwini wake akuonetsa lisiti la pepala koma mu kompyuta mulibe kanthu. Pa kauntala lisiti lolakwika lizilembedwa kuti lathetsedwa, osati kusowa.

Kondwani, 10:02
Ndamva akulu. Ndapanga. Koma abale ine ndilira:
Authentication plugin 'caching_sha2_password' cannot be loaded

Chikondi, 10:09
Ndimaidikira imeneyo chionereni ODBC 5.3 mu uthenga wako woyamba. MySQL 8.0 imapanga maakaunti atsopano ndi caching_sha2_password, ndipo driver wakale uja saidziwa. Njira zilipo ziwiri. Yachidule ndi ALTER USER ... IDENTIFIED WITH mysql_native_password, igwira pompano. Koma njira yakaleyo mu 8.4 imabwera yozimitsa ndipo mu 9.0 anaichotseratu, ndiye udzabweranso pano kudzalira. Yabwino ndi kuika Connector/ODBC 8.0 pa makompyuta onse, mphindi zisanu iliyonse.

Koma tcheru apa. Mapulogalamu akale a malisiti ambiri ndi 32-bit ngakhale Windows ili 64-bit. Tsegula Task Manager uone ngati pa dzina la pulogalamu palembedwa 32 bit. Ngati zili choncho utenge driver wa 32-bit, ndipo DSN uipange ndi C:\Windows\SysWOW64\odbcad32.exe. Inde, ya 32-bit ili mu SysWOW64 ndipo ya 64-bit ili mu System32, usandifunse ine, kafunse a Microsoft. Installer ikadandaula za Visual C++ Redistributable, uike ya x86.

Kondwani, 10:34
Inalidi 32 bit. Ndinayamba ndaika ya 64, pulogalamu siimaona DSN, ndabwerera kuwerenga bwino zomwe mwalemba. DSN yakale ndaichotsa, ndapanga ina ndi dzina lomwelo pa driver watsopano. YALOWA! Kompyuta ya pa kauntala yasindikiza lisiti. Mayi a ku Mzimba anapita kale ndi la pamanja, ndiwatumizira chithunzi cha lenileni pa WhatsApp.

Yami, 10:35
Mwaona, mutu umodzi susenza denga. Ine ndinaperekapo moralo.

Mayi Nasibeko, 10:48
Ine za ma port sindizidziwa ana anga, ndine wa maakaunti, koma malisiti onse omwe walemba pamanja m'mawa uno uwalowetse lero lomwe, ndipo pa lililonse ulembe nambala ya m'buku. Ukadikira mawa udzapeza ndalama za mu kabati sizikugwirizana ndi za mu kompyuta, ndipo bwana sadzakumbuka kuti seva inafa, adzakumbuka kuti unagwira ndalama ndiwe.

Kondwani, 11:40
Zikomo amayi, ndalowetsa onse 9. Makompyuta anayi ali bwino. Kwatsala mavuto awiri. Pa kauntala ukafuna kuchotsa chinthu pa lisiti usanalisunge ikuti:
DELETE command denied to user 'malisiti'@'192.168.1.112' for table 'tmp_mizere'
Ndipo lipoti la katundu wa pa lole, lomwe dalaivala amanyamula, likukana:
The user specified as a definer ('admin'@'%') does not exist

A Nkhoma, 11:58
Yoyambayo ndi 1142, ndipo ndi ine ndaibweretsa. Pulogalamu ikusunga mizere ya lisiti losamalizidwa mu katebulo kapadera. Ipatse DELETE pa katebulo kameneko kokha:
GRANT DELETE ON katundu.tmp_mizere TO 'malisiti'@'192.168.1.%';
Ikadandaulanso za tebulo lina, ubwere nalo tione ngati n'loyenera. Ukafuna kuona zonse zomwe akauntiyo ili nazo, SHOW GRANTS FOR 'malisiti'@'192.168.1.%';

Yachiwiriyo ndi 1449. Lipotilo likuchokera mu view, funso losungidwa lomwe limaoneka ngati tebulo, ndipo view iliyonse imakumbuka amene anaipanga, nthawi zambiri n'kumayenda ndi zilolezo zake. Amene anapanga yanuyo anali 'admin'@'%', yemwe anatsala pa seva yakale. Apa ndaonanso kuti amene anakuikirani pulogalamuyi anali wa mpingo wa Yami.

Chikondi, 12:06
Kkkk. Kondwani, njira yosavuta ndi kumuukitsa admin uja koma womangidwa manja:
CREATE USER 'admin'@'%' IDENTIFIED BY 'chilichonse chachitali' ACCOUNT LOCK;
GRANT SELECT ON katundu.* TO 'admin'@'%';
Akaunti yokhomedwa palibe angalowe nayo, koma view imayendabe m'dzina lake. Ukadzapeza nthawi uone SHOW CREATE VIEW, ndi ma trigger ngati alipo, chifukwa nawonso amakhala ndi definer ndipo angafune zoposa SELECT.

Kondwani, 12:20
Lipoti latuluka, masamba atatu. Yachisanu ija ndi laputopu ya bwana, ikadali pa 10060 pomwe ena onse akulowa.

Chikondi, 12:22
ipconfig pa laputopuyo. Ili pa WiFi iti?

Kondwani, 12:27
Inali pa WiFi ya makasitomala, ya Guest ija. Ndaibwezera pa ya ofesi yalowa. Bwana akuti anasintha Lachisanu poti ija imakoka bwino kukhonde komwe amasutira fodya.

A Nkhoma, 12:29
Rauta yachita ntchito yake pamenepo, Guest siiyenera kuona seva. Isiye choncho.

Kondwani, 14:15
Pepani ndabweranso. Tili ndi mnzathu amene amakhala pa kashopu pafupi ndi Park Station, amalandira timaphukusi ta anthu okwera mabasi. Kale ankalowa mu pulogalamu yomweyi ndi laputopu pa LTE. Tsopano akukanika, ndipo bwana akuti ndibwezere mmene zinalili. Ndayang'ana pa rauta ndapeza port forwarding ya 3306 kupita ku 192.168.1.20.

A Nkhoma, 14:31
Ifufute pompano, usanayankhenso uthenga wina. Ndiye kuti zaka zonsezi database yanu inali pa msewu, ndi 'admin'@'%' pakhomo. Pa intaneti pali ma bot omwe ntchito yawo ndi kuyendera maadiresi onse kufunafuna 3306 yotsegula n'kumayesa mapasiwedi usiku wonse. Akalowa amakopera zonse, kufufuta matebulo, n'kusiya kakalata kofuna Bitcoin. Lero chakutchinjirizani ndi lamulo la ufw lija, poti likulola 192.168.1.0/24 yokha.

Ndipo ganizira zomwe zili mmenemo: maina a anthu, manambala a foni a kuno ndi a kumudzi, mwina ndi manambala a mapasipoti. Abale athu ambiri kuno safuna n'komwe kuti zimenezo zidziwike. Palinso lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limakakamiza bizinesi kuteteza zinthu zoterezi ndi kudziwitsa Information Regulator zikabedwa. Ukawauze bwana choncho, kaofesi kakang'ono sikathawa lamuloli.

Kondwani, 14:36
Ndafufuta. Nanga mnzathu wa ku Park Station alowe bwanji?

Chikondi, 14:52
WireGuard, ndi VPN, njira yotetezedwa yolowera mu ofesi uli kutali. Pa seva sudo apt install wireguard, upange makiyi awiriawiri, seva ikhale 10.8.0.1 laputopu 10.8.0.2. Pa rauta utsegule UDP 51820 yokha kupita ku .20, ndi pa ufw chimodzimodzi. Ubwino wake WireGuard siyankha munthu wopanda kiyi, ma bot aja amangoona ngati palibe kanthu. Kenako ufw ilole 10.8.0.2 kufika pa 3306, ndipo DSN ya laputopuyo iloze ku 10.8.0.1. A Nkhoma, apa 0.0.0.0 yanga ija yatithandiza, ikanakhala .20 yokha bwenzi tikubwereranso ku mysqld.cnf.

Ndipo kumbukira za pasipoti zija. Akalowa pa VPN MySQL imuona akuchokera ku 10.8.0.2, ndiye afunika akaunti yakeyake, monga 'parkstation'@'10.8.0.2'. Zili bwino choncho, laputopu ikadzabedwa, ndipo dera limenelo tonse tikulidziwa, udzangochotsa kiyi ndi akaunti imodziyo.

A Nkhoma, 14:58
Mwawina achemwali, ngakhale kuyambira 8.0.13 bind-address imalandira maadiresi angapo olekanitsa ndi koma. Kondwani, poti port forwarding inkagwira ntchito kale, ndiye kuti fibre yanu ili ndi IP yapoyera. Koma yang'anabe pa WAN ya rauta. Ukaona adiresi yapakati pa 100.64 ndi 100.127 ndiye kuti kampani ya intaneti yakuikani kuseri kwa CGNAT, mukugawana adiresi imodzi ndi anthu ena, ndipo palibe port ingalowe. Ngati adiresi imasinthasintha, yatsa dynamic DNS pa rauta.

Yami, 15:01
Kapena ssh -L 3307:127.0.0.1:3306, tunnel basi.

A Nkhoma, 15:04
Lero wanena chanzeru. Imagwira bwino kwa iwe ndi ine. Koma munthu wa pa kashopu amene LTE ikumudukira kangapo pa tsiku, aziyimba foni nthawi iliyonse tunnel ikagwa. WireGuard imalumikizanso yokha.

Kondwani, Lachiwiri 16:40
Ndinachoka mu ofesi 8 koloko usiku koma WireGuard yatheka, mnzathu walemba malisiti 6 lero ali ku Park Station. Poyamba inkakana, kenako ndinapeza kuti ndinasemphanitsa ma public key. Masana City Power inatizimitsira magetsi kwa ola limodzi ndi theka, atabwera seva yadzuka yokha pa .20, onse alowa popanda ine kugwira chilichonse. Koma UPS, kabokosi kosunga magetsi a seva, inangolira kawiri n'kuzima nthawi yomweyo.

Chikondi, 16:49
Batire yatha imeneyo, tsegula uone, zambiri zazing'ono zimakhala ndi ya 12V 7Ah, imagulidwa payokha. InnoDB, yomwe imasunga matebulo a MySQL, imadzikonza ikadzuka, koma disk ya ka Dell kako siipirira kuzimitsidwa chonchi mpaka kalekale. Uikenso cron, ntchito yodziyendera yokha, ya usiku uliwonse: mysqldump --single-transaction --routines --triggers, fayilo ipite pa chinthu china osati pa seva pomwepo. Ndipo SHOW CREATE USER ndi SHOW GRANTS za akaunti iliyonse uzisunge mu fayilo pambali.

Kondwani, 16:55
Ndapanga kale fayilo ya maakauntiyo, ili pa flash mu kabati ya ndalama. Za batire bwana akuti tione mwezi ukatha. Lole akuikweza panopa, stovu ya ku Mzimba yalowa.

Yami, 16:57
Man, TV ya 43 inch kufika ku Zomba mumatchaja zingati? Ndipo kwa amene anathandiza kukonza seva pali kuchotsera?

Kondwani, 16:58
Bwera nayo inbox. Kuchotsera ndifunsa a Nkhoma ngati akuvomera.